Kwa achemwali amene sikelo yaima atawaika lamba wa pachifu

Achemwali, mwalemba kuti papita miyezi 8 chikuikireni gastric band kuno ku Britain, kuti poyamba munatsika makilo 11, koma tsopano sikelo yaima kwa masabata angapo ndipo mwayamba kuganiza kuti ndalama zanu zinalowa m'madzi. Nanenso ndakhala ndi lamba ameneyu kwa zaka zingapo, ndipo chimene ndikufuna muchimvetse ndi chakuti munthu wa lamba akagwa ulesi, kawirikawiri vuto silikhala mumtima mwake ayi, koma limakhala pa lambayo, amene mwina ndi wokhwepa kapena wothina kupyola muyeso. Choncho musanayambe kudziimba mlandu wa kufooka, imbani foni ku kliniki imene inakupangani opaleshoni ndi kupempha tsiku lokaonana ndi namwino pamodzi ndi katswiri wa kadyedwe.

Pa maopaleshoni ochepetsa thupi amene amachitika kawirikawiri, wa lamba ndiye woyenda pang'onopang'ono. Amene anachitidwa sleeve anawachotsa mbali yaikulu ya chifu, ndipo amene anachitidwa bypass anawalumikiza matumbo mwa njira ina, kotero iwo amatsika mofulumira m'chaka choyamba. Inu chifu chanu chili chonse, anangochimanga kumtunda. Kutsika theka la kilo kapena kilo imodzi pa sabata ndi mulingo wabwino kwa munthu wa lamba, masabata ena sikelo siisuntha n'komwe, ndipo ulendo wonse umatenga zaka ziwiri kapena zitatu. Dokotala wa ku Melbourne ku Australia, Paul O'Brien, ndi anzake anatulutsa mu 2013 zotsatira za odwala oposa 3,000 amene anawaika lamba, ndipo amene anatsatiridwa kufika zaka 15 anali atachotsabe pafupifupi 47 peresenti ya kulemera kwawo kopyola muyeso. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati munali ndi makilo 40 owonjezera pa amene msinkhu wanu umafuna, makilo oyandikira 20 ndi amene mungayembekezere kuchotsa, ndipo inu mwadutsa kale theka la amenewo chaka chisanathe. Zithunzi za pa Facebook za anthu amene atsika makilo 30 m'miyezi 6 nthawi zambiri ndi za maopaleshoni enawo, ndipo mukamadziyerekeza nazo mudzangodzipweteka mtima popanda chifukwa.

Lambayo ndi wa silicone ndipo mkati mwake muli kathumba kamene kamalumikizana ndi port, malo obayirapo singano, imene ili pansi pa khungu la pamimba panu. Akabaya singano pa port ndi kuthira madzi amchere, lamba amathina, ndipo akachotsamo madzi amakhwepa. Makliniki ambiri amagwiritsa ntchito tchati cha mitundu itatu chimene chinachokera ku Australia komweko. Chachikasu ndi pamene njala ikubwera msanga, mukudya mbale yodzadza ndipo simukutsika, zimene zikusonyeza kuti madzi ndi ochepa. Chobiriwira ndi pamene kambale kakang'ono kakukukwanani ndipo mukutha maola anayi kapena asanu osaganiza za chakudya. Chofiira ndi pamene chakudya chikukutsamwani, mukubweza, chilungulira chikukuvutani kapena mukutsokomola usiku mutagona. Anthu ambiri sapeza chobiriwiracho pa fill (kuthira madzi mu lamba) yoyamba kapena yachiwiri, zimatenga maulendo angapo, ndipo munthu akamachepa thupi mafuta ozungulira chifu amachepanso, kotero lamba amene anali bwino mu Marichi akhoza kukhala wokhwepa pofika Julayi. Mwa zimene mwafotokoza, kuti pofika 11 koloko m'mawa njala imakhala yakugwirani kale, ndikuona ngati muli kuchikasu, koma woyenera kutsimikiza ndi namwino wanu.

Chenjezo langa lalikulu ndi lakuti musathamangire kuthinitsa lamba pofuna kuti sikelo iyende, ndipo musapite kwa aliyense amene akungolengeza mtengo wotsika. Opaleshoni ya lamba m'zipatala zolipira kuno imakhala cha m'ma £4,000 mpaka £8,000, ndipo nthawi zambiri ma fill a chaka choyamba kapena zaka ziwiri amakhala m'kati mwa ndalama zomwezo, choncho yambani mwaona mapepala anu, mwina simukuyenera kulipira kalikonse. Nthawi imeneyo ikatha, fill imodzi imakhala cha m'ma £100 kapena £150, ndipo ikakhala ya x-ray imakwerapo. Ineyo nthawi yanga itatha ndinapita ku kliniki ina imene inkatchipirako, yomwe inkabwereka chipinda kamodzi pa mwezi. Sanandifunse zimene ndimadya, sanandiyeze pa sikelo, anangothira madzi ambiri nthawi imodzi, anandipatsa kapu ya madzi kuti ndimeze, ndipo atawona kuti adutsa anandiuza kuti ndizipita. Madzulo ake ngakhale dzira lophika linkabwerera. Usiku ndinkadzuka zowawasa zili m'kamwa ndi m'mphuno, moti ndinayamba kugona chokhala nditatsamira mapilo, ndipo nditaimba foni panalibe woyankha kufikira mwezi wotsatira. Choopsa kwambiri n'chakuti pa nthawi imeneyo ndinanenepa m'malo moonda, chifukwa zokhazo zimene zinkadutsa zinali phala la shuga, kasitadi, ayisikirimu ndi tiyi wamkaka. Pamene ndinafika ku chipatala chenicheni anachotsa madzi onse, anandijambula, ndipo anandiuza kuti kachigawo ka chifu ka pamwamba pa lamba kanali katayamba kufutukuka, kotero ndinayenera kudikira masabata angapo ndisanayambirenso. Palibe nthawi imene ndinatayapo mtima ngati imeneyo, ndipo sindikufuna kuti mudutsemo. Kliniki yabwino imathira pang'onopang'ono, ili ndi katswiri wa kadyedwe, ndipo imakupatsani nambala yoti muimbe usiku kapena Lamlungu.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo tsiku la kliniki. Mukaona kuti ngakhale madzi kapena malovu sakudutsa, mukusanza mosalekeza, mukumva ululu waukulu pachifuwa kapena m'mimba, kapena pamene pali port patupa ndi kufiira, pitani ku A&E, kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi, ndipo muwauze poyambirira penipeni kuti muli ndi gastric band. Lamba amatha kuterereka n'kutsekereza chifu, ndipo zikatero madzi amayenera kuchotsedwa mwamsanga. Kusanza kwa masiku ambiri kumathetsanso vitamini B1 (thiamine) m'thupi, zimene zingawononge mitsempha ndi ubongo. Ena amaona kubweza chakudya ngati mbali ya moyo wa lamba, koma si choncho. Kubweza kawirikawiri ndi umboni wakuti china chake sichili bwino.

Pa nkhani ya zakudya zathu, lamba ali ngati khomo lopapatiza limene mtolo wa nkhuni sungalowe koma madzi amalowa mosavuta. Thobwa, phala, Fanta, juwisi, chokoleti ndi mabisiketi oviika mu tiyi zimadutsa ngati lambayo palibe, ndipo makilo ambiri amene amaima amaimira pamenepo. Zimene zimakonda kutsamwa ndi buledi wofewa, mandasi, mpunga, nyama yootcha youma, mnofu wa pachifuwa cha nkhuku ndi masamba a mitsitsi yaitali amene sanadulidwe bwino. Nsima sindinaisiye, koma ndinasintha kadyedwe kake. Ndimayamba ndi ndiwo, monga nsomba, mazira, nyemba kapena nkhuku ya msuzi, kenako masamba, ndipo nsima imabwera pomaliza, timbamu tiwiri kapena titatu tosaposa chala chachikulu. Ife tinazolowera kumeza mbamu titangoiviika mu therere osatafuna, ndipo chizolowezi chimenecho n'chimene lamba sagwirizana nacho. Tafunani mpaka chakudya chisalale m'kamwa, ikani supuni pansi mukameza, ndipo pakatha mphindi 20 siyani ngakhale m'mbale mutatsala. Musamwe madzi pamodzi ndi chakudya, dikirani theka la ola, koma tsiku lonse muzimwa pafupifupi malita awiri pang'onopang'ono. Zakudya zomanga thupi muzifikitsa magalamu 60 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo mavitamini amene anakulemberani musawasiye. Mnkhwani wotendera ndi chiponde ndi zabwino, koma nsinjiro zili ndi mafuta ambiri, choncho chepetsani dzanja pothira.

Ena akulangizani kuti mugule tiyi wochepetsa thupi ndipo wina wanena kuti musale kudya masiku atatu. Ndikuona kuti amene akunena zimenezi sanakhalepo ndi lamba. Matiyi ambiri oterewa amangotsegula m'mimba ndi kuchotsa madzi m'thupi, ndipo munthu wa lamba akasala nthawi yaitali amabwera pa chakudya ndi njala yaikulu, n'kudya mothamanga, n'kutsamwidwa.

Chimene madokotala a kuno sangakuuzeni ndi mawu a anthu akwathu. Kwathu kunenepa timakutcha moyo wabwino, ndipo munthu akayamba kuonda mafunso amayamba. Azakhali akakuonani pa video call adzafunsa kuti, "Kodi mukudwala? Bambo akunyumba akukusungani bwino?" Kutchalitchi ena adzayamba kunong'ona za matenda amene tonse tikuwadziwa, ndipo pa chinkhoswe kapena pamaliro wogawa chakudya adzakudzazirani mbale n'kuima pomwepo kuti aone ngati mukudya, chifukwa kukana chakudya kwathu ndi mwano. Pa nthawi yomweyo ena adzanena kuti munasankha njira yachidule. Mawu amenewa amafooketsa kwambiri kuposa sikelo, ndipo ndaonapo amayi amene anasiya kupita ku kliniki chifukwa cha iwo. Konzekeranitu yankho limodzi lalifupi, monga lakuti adokotala anakuuzani kuti muchepetse thupi chifukwa cha BP kapena shuga, ndipo mulinene mofanana kwa aliyense popanda kufotokoza zambiri. Simukukakamizidwa kuuza mpingo wonse za opaleshoni yanu. Pa zisangalalo muzidzigawira nokha pa kambale kakang'ono musanagawiridwe, ndipo m'nyumba mwanu mukhale munthu mmodzi, kaya ndi amuna anu kaya ndi mwana wamkulu, amene akudziwa malamulo a lambayo ndipo angakuyankhireni alendo akamakukakamizani.

Sikelo muziikwera kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa musanadye, chifukwa madzi a m'thupi, mchere ndi msambo zimasintha manambala tsiku ndi tsiku. Gulani tepi ya atelala ndipo muziyeza m'chiuno kamodzi pa mwezi, popeza nthawi zina masentimita amatsika sikelo itaima. Lembaninso m'kabuku manambala a BP ndi shuga, komanso zinthu zimene simunkatha kuchita kale, monga kukwera masitepe osapumira panjira, kumanga nsapato mutakhala, kapena kukulunga chitenje n'kutsalako nsalu yokwanira. Masiku amene mtima wagwa, kabuku kameneko ndi kamene kamandithandiza. M'kabuku komweko lembani kwa sabata imodzi chilichonse chimene chalowa m'kamwa, ndipo mupite nako ku kliniki. Ngati mumagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba monga ambiri a ife, mudzadabwa kuona kuchuluka kwa makapu a tiyi wa shuga ndi mabisiketi a m'chipinda chopumira amene mumadya cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, osati chifukwa cha njala koma tulo ndi kusungulumwa. Lamba sathetsa kudya kwa mtundu umenewo, ndipo ngati mukuona kuti mumadya mukakhumudwa kapena mukasowa kwanu, uzani dokotala wanu wa nthawi zonse (GP) kapena a kliniki kuti akupezereni wokamba naye. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Za masewera, musayambe ndi kulipira jimu ya £30 kapena £40 pa mwezi imene mudzaisiya nyengo yozizira ikafika. Akatswiri a zaumoyo amalangiza mphindi 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa. Ine chimene chinandigwira ndi parkrun, imene imachitika Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa m'mapaki ambiri a ku England. Ndi makilomita 5, ndi yaulere, mumangolembetsa kamodzi pa intaneti, ndipo kuyenda n'kololedwa. Kumbuyo kwenikweni kumakhala munthu wodzipereka amene ntchito yake ndi kumaliza pambuyo pa onse, kotero simungakhale womaliza. Mukapitako masabata angapo anthu amayamba kukudziwani, ndipo mukajomba amakufunsani.

Popeza mu Disembala ambiri timapita kumudzi, musathiritse madzi mu lamba kutatsala masiku ochepa kuti mukwere ndege. Anthu ena amamva lamba akuthina paulendo wa pandege, ndipo vuto la fill yatsopano ndi bwino likupezeni muli pafupi ndi kliniki yanu. Pemphani kalata yonena mtundu wa lamba wanu ndi mamililita amene alimo, muiike pamodzi ndi pasipoti, ndipo dziwani kuti port imafuna singano yakeyake yotchedwa Huber needle. Singano wamba ikhoza kuiwononga n'kuyamba kudontha, choncho musalole aliyense amene sanaphunzire ntchitoyi kuti abayepo.