Yankho kwa mayi amene afunsa za i7 ndi i5

Mayi, mwafunsa kuti pa malaputopu awiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene mwawaona m'sitolo ina ku Limbe, ina ya Core i7-7500U ndi ina ya Core i5-8250U, mumugulire iti mwana wanu amene akuyamba maphunziro a uinjiniya ku MUBAS. Mwanenanso kuti wogulitsa akukukokerani ku ya i7 ponena kuti nambala yake ndi yaikulu ndiponso liwiro lake ndi 2.7 GHz pamene inayo ndi 1.6 GHz basi. Ngati zina zonse n'zofanana, tengani ya i5.

Dzina lakuti i7 limangosonyeza malo amene purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ili nawo pakati pa zinzake zotuluka nthawi imodzi, choncho silithandiza poyerekeza za mibadwo yosiyana. Pa mapurosesa awiriwa, m'badwo umadziwika ndi nambala yoyamba yotsatira kamzere ka m'dzina lija. Purosesa ya 7500U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, inatuluka mu 2016, ndipo ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa) awiri okha, pamene 8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, ya mu 2017, ndipo Intel inaikamo ma core anayi. Zili ngati kuyerekeza amisiri awiri achangu ndi amisiri anayi achangu chofanana pa ntchito youmba njerwa: ntchito ikakhala yoti itha kugawidwa, anayiwo amamaliza msanga. Manambala a GHz amene wogulitsa akutchula ndi a liwiro loyambira chabe, chifukwa ntchito ikachuluka i7 ija imakwera kufika 3.5 GHz ndipo i5 imafika 3.4 GHz, kusiyana kumene mwanayo sangakuone n'komwe polemba kapena powerenga. Kusiyana kwenikweni adzakuona akatsegula AutoCAD (pulogalamu yojambulira mapulani), Zoom ndi masamba ambiri a intaneti nthawi imodzi, ndipo apo ma core anayi ndi amene amapambana.

Chimene chimandikhudza kwambiri, ndipo anthu ambiri sachiganizira pogula, ndi kuchuluka kwa ntchito imene purosesa imagwira pa magetsi amene yadya. Mapurosesa awiriwa onse anapangidwira mphamvu ya 15 W, kutanthauza kuti i5 ikupatsani ntchito yochuluka popanda kufuna batire yaikulu. Kuno ku Blantyre, kumene magetsi angazime madzulo wophunzira ali pakati pa ntchito yoti akapereke m'mawa mwake, nkhani imeneyi si yaing'ono. Chilembo cha kumapeto kwa dzina ndi chimene chimakuuzani zimenezi. Chilembo U chimaimira mapurosesa osunga batire, pamene H ndi a mphamvu zambiri amene kawirikawiri amadya 45 W. Powerengera mwachidule, batire ya 45 Wh ingathe m'maola atatu ikamapereka 15 W mosalekeza, koma pa 45 W imatha mu ola limodzi, tisanawerengere magetsi amene sikirini imadya. Purosesa ya H ndi yoyenera kwa munthu wokonza mavidiyo kapena zojambula zolemera za 3D, amene amakhala pafupi ndi soketi tsiku lonse.

Kutentha nakonso kumalowa m'nkhaniyi. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isawonongeke, ndipo n'chifukwa chake laputopu yakale imene fani yake yatsekeka ndi fumbi imayamba bwino kenako n'kumachedwa pakapita mphindi zochepa, makamaka mu Okutobala pamene kwatentha. Mukaitsegula mumapeza fumbi litaumbika ngati thonje pa timipata totulutsira mpweya, ndipo mafuta ozizitsira a pamwamba pa purosesa atauma gwa. Zikatero, ngakhale purosesa yabwino imagwira ntchito mopereŵera.

Palinso nkhani ya Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, kupatula ochepa kwambiri. Purosesa ya 8250U ili pa mndandanda wa ovomerezekawo koma 7500U palibe, ndipo kwa makina oti atumikire zaka zonse za maphunziro a mwanayo, chifukwa chimenechi pachokha n'chokwanira. Mukakumana ndi laputopu ya AMD Ryzen 5 4500U pa mtengo woyandikira, musaikayikire, popeza ndi ya mu 2020, ili ndi ma core asanu ndi limodzi pa 15 W yomweyo, ndipo imaposa awiri onsewa.

Mukabwerera kusitoloko musadalire kapepala komatidwa pafupi ndi kiyibodi, chifukwa kamatha kusinthidwa. Pemphani kuti aiyatse, atsegule Task Manager pa gawo la Performance, ndipo muwerenge nokha dzina lonse la purosesa ndi chiŵerengero cha ma core. Pomwepo onetsetsani kuti RAM (malo osungira ntchito imene ikuchitika panthawiyo) ndi yosachepera 8 GB ndiponso kuti muli SSD (chosungira mafayilo chachangu), popeza hadi disiki yakale yozungulira imachedwetsa makina alionse. Pomaliza, auzeni aichotse pa chaja, muisiye ikusewera vidiyo kwa mphindi khumi ndi zisanu, mukuyang'ana mmene batire ikutsikira ndi kumvetsera phokoso la fani.