Ndasintha lenzi, chithunzi chikutuluka chachimbuuzi

Funso: Ndili ndi kamera yoona kutentha yomwe ndimapimira mapanelo a sola ku Kanengo. Lenzi itasweka ndinaitanitsa ina pa intaneti, yofanana kukula, koma chithunzi ndi chachimbuuzi ngakhale ndipotokole motani. Kodi sensa yafa?

Yankho: Sensayo isiyeni, achimwene, vuto ndi chomwe mwagulacho. Masulani lenziyo, muigwire m'mbali, muilozetse pawindo masana. Ikakhala yachikasu chonkera ku olenji, kuwala n'kumadutsa, imeneyo ndi zinc selenide, ya makina odulira a laser ya CO2, yomwe yadzaza pa intaneti pamtengo wozizira. Germanium, yomwe amapangira malenzi ambiri a makamera otere, diso silingaipenye mkati. Ndi yotuwa ngati chitsulo, kapena yakuda ngati inakutidwa, ndipo yakaleyo iyenera kuti inali yotero. Chalcogenide, galasi lapadera lomwe amapangiranso malenzi otere, nayo ndi yakuda, choncho zidutswa zija musataye, muziyerekezere. Galasi wamba musaliganizire, chifukwa sililola mafunde a kutentha omwe kamera yanu imaona, a 8 mpaka 14 µm (maikulomita), kudutsa, simukanaona kanthu n'komwe.

Kufanana kukula sikutanthauza kanthu. Pa 10 µm refractive index (nambala yosonyeza mmene chinthu chimakhotetsera kuwala) ya germanium ndi 4.0, ya zinc selenide ndi 2.4. Mphamvu ya lenzi imatsata nambalayo mukachotsapo 1, ndiye kuti 3 ndi 1.4. Zikaumbidwa mofanana, yachikasuyo imasonkhanitsa kuwala kutali kuposa kawiri, pomwe kupotokola lenzi pa kamera yanu sikungafike.

Ngakhale mutapeza ya focal length (mtunda womwe lenzi imasonkhanitsira kuwala) yolondola, pali dispersion, kusintha kwa index malinga ndi kutalika kwa mafunde. Kuchoka pa 8 kufika pa 12 µm, index ya germanium imangotsika pang'ono, pafupifupi kuchoka pa 4.005 kufika pa 4.002, pomwe ya zinc selenide imachoka pa 2.417 kufika pa 2.393. Mafundewo sakumana malo amodzi, m'mphepete mwa zinthu mumafufuma. Opanga amawerengeratu zonsezi ndi masamu a Sellmeier, owerengera index pa funde lililonse, asanadule lenzi, si zoyerekeza ndi rula.

Itanitsani ya germanium yofanana focal length ndi f-number (nambala yosonyeza kuchuluka kwa kuwala komwe lenzi imalowetsa), yokutidwa AR (chokutira chochepetsa kubwerera kwa kuwala) ya 8 mpaka 14 µm. Yosakutidwa imabweza 36 peresenti ya kuwala pa nkhope iliyonse. Mukaika, madigiri omwe kamera ikuwerenga musawakhulupirire mpaka itayesedwanso.

Ndipo lekani kuisiya pa dashibodi dzuwa la Okotobala likuswa mtengo. Index ya germanium imakwera pafupifupi 0.0004 pa digiri iliyonse, focus n'kusuntha, mudzabweranso kuti lenzi yatsopanoyo ndi yabodza.