Kadontho kakakana kukwera pa mbale ya TLC

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene kadontho ka mankhwala amene mwatcheza m'masamba a nimu kakukhalabe pa mzere woyambira wa mbale ya TLC (thin layer chromatography, njira yolekanitsa mankhwala osakanikirana powakweza pa mbale ndi madzi osungunulira otchedwa solvent) ngakhale mwayesa solvent wotchedwa hexane kawiri konse. Nkhani yagona pa polarity, kutanthauza kusiyana kwa mphamvu ya magetsi pakati pa mbali za molekyu, kumene kumaichititsa kumamatira ku zinthu zina zokhala ndi polarity. Silica, ufa woyera amene anapakidwa pa mbaleyo, amagwira zolimba mankhwala okhala ndi magulu a OH kapena NH (oxygen kapena nitrogen yolumikizana ndi hydrogen), ndipo hexane, pokhala wopanda polarity, alibe mphamvu zowalanda kuti akwere nawo.

Ine ndikanayamba ndi magawo 7 a hexane ndi magawo 3 a ethyl acetate, solvent wokhala ndi polarity yochulukirapo, kenaka n'kumawonjezera ethyl acetate pang'onopang'ono mpaka Rf ya kadontho kamene mukukafuna (mtunda umene kayenda pougawa ndi mtunda umene solvent wayenda) ikhale pakati pa 0.3 ndi 0.5. Kakathamangira pamwamba penipeni, mwapyola muyeso, bwererani. Ethyl acetate akalephera payekha, yesani methanol wosapitirira magawo 10 pa 100 aliwonse mu dichloromethane. Mukaona kadontho kakukoka mchira wautali, kawirikawiri mumakhala asidi kapena amine (mtundu wa mankhwala okhala ndi nitrogen), ndipo dontho la acetic acid limawongola asidi pamene triethylamine amawongola amine.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuno ku Harare ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala, chifukwa hexane amauluka msanga kuposa ethyl acetate, choncho solvent wotsalayo amakhala ndi polarity yopyola muyeso. Chaka chatha ndinasiya botolo la solvent lolowetsamo mbale lili lopanda chivindikiro kwa kanthawi, ndipo madontho anga onse anakaunjikana pamwamba, tsiku lonse n'kupita pachabe. Ikani filter paper m'mbali mwa botololo, mutseke, mudikire mphindi 10 musanalowetse mbale, ndipo mzere woyambira muulembe ndi pensulo, pakuti inki imakwera limodzi ndi solvent.