Kodi ndege ingabwerere m'mbuyo yokha ili pansi?

Owerenga wina watitumizira imelo yofunsa kuti: "Ndege ikamanyamuka ndimaona kagalimoto kakuikankha kuchoka pokwerera anthu. Koma ikatera, injini zimabangula n'kuichepetsa liwiro. Bwanji osagwiritsa ntchito mphamvu yomweyo kuti ibwerere yokha?"

Mwaganiza bwino, ndipo zimathekadi. Oyendetsa ndege amazitcha powerback. Kungoti makampani ambiri anasiya, ndipo nkhani yagona pa malo amene injini yakhala.

Injini sizungulira chobwerera ayi, ndipo matayala a ndege alibe giya. Chimene chimasintha ndi njira ya mpweya. Pa ndege za mtundu wa DC-9 ndi MD-80, zitseko ziwiri zachitsulo zimakumana kumbuyo kwa injini ngati zikhatho ziwiri, mpweya n'kugunda pamenepo n'kukhotera kutsogolo. Pa injini zikuluzikulu zamakono, chikuto cha m'mbali chimasendera kumbuyo, tizitseko ta m'kati n'kutchinga njira, ndiye mpweya wozizira wa fani umatulukira m'mbali chopendekera kutsogolo. Mpweya wotentha wotuluka pakati pa injini umakankhirabe ndege kutsogolo, n'chifukwa chake mphamvu yobwerera imakhala yochepa.

Ku America, kuyambira m'ma 1980, powerback inali ya tsiku ndi tsiku. American Airlines inkachita ndi MD-80 pa bwalo la Dallas/Fort Worth, Northwest ndi DC-9. Ndege zimenezi injini zake zili kumchira, m'mwamba, kutali ndi zinyalala za pansi.

Kachitidwe kake n'kosangalatsa. Woyendetsa amayamba wasendeza ndege kutsogolo pang'ono, chifukwa tayala limene lakhalitsa pansi pa katundu wolemera limaphwatalala ndipo limakanirira. Ikangoyamba kugudubuka, amatsegula reverse thrust (kubweza mpweya kutsogolo kuja), ndege n'kuima, n'kuyamba kubwerera mwa liwiro la munthu woyenda pansi. Kumbuyo iye saonako, kotero maso ake amakhala pa wolondolera amene waima kutsogolo akukupiza manja. Ndiye pali lamulo limene aliyense amaliloweza pamtima: mapazi akhale pansi, asakhudze mabuleki. Matayala akuluakulu ali kumbuyo pang'ono kwa pamene kulemera kwa ndege kwakhazikika. Mukawamanga mwadzidzidzi ndege ikubwerera, kutsogolo kumanyamuka, mchira n'kumenya pansi. Poimitsa amatseka reverse thrust n'kupereka mphamvu pang'ono yopita kutsogolo. Phazi la munthu linazolowera kuthamangira buleki, ndipo apa m'pamene pamafunika mtima wodekha.

Tsono taonani Boeing 737 kapena Airbus A320. Injini zalendewera pansi pa mapiko, pafupi kwambiri ndi konkire. Mpweya wobwezedwa umatukula timiyala, mchenga ndi tizitsulo totayika, injini n'kumeza zonsezo, masamba a fani n'kubenthuka. Imathanso kumeza mpweya wosokonekera umene yangoutulutsa kumene, n'kuyamba kutsamwa ndi kumveka ngati ikuphulika. Ngakhale potera, woyendetsa amachepetsa reverse thrust liwiro likatsikira cha pa 110 mpaka 130 km pa ola pa chifukwa chomwechi. Onjezani phokoso, mafuta ochuluka, ndi ogwira ntchito amene aima pomwepo ndi ngolo zawo za katundu. Kagalimoto kaja n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kukonzetsa injini imodzi.

Pa 13 January 1982, ku Washington National Airport, kagalimoto kokankha kanalephera kusuntha Boeing 737 ya Air Florida chifukwa pansi panali poterera ndi madzi oundana. Oyendetsa anayesa reverse thrust, osatheka, mpaka kunabwera galimoto ina ya matcheni kumatayala. Ndegeyo itanyamuka inagunda mlatho n'kugwera mumtsinje wa Potomac, ndipo anthu 78 anafa. Tisanamizire powerback yokha: zifukwa zazikulu zinali madzi oundana pamapiko ndi kusayatsa zotenthetsera injini. Komabe kuyesa kumeneko kunali kosemphana ndi malangizo pa nyengo yotere, poti kumamwazira chipale pa ndege.

Kumene powerback idakalipo ndi pa ndege za mapulopela monga ATR 72, zimene zimangotembenuza masamba a pulopela kuti akankhire mpweya kutsogolo, komanso pa ndege zankhondo zotera kumene kulibe zipangizo. Ndege yankhondo yonyamula katundu ya C-17 imabweza mpweya chokweza m'mwamba kuti isatukule fumbi, ndipo imatha kubwerera ngakhale pa kamtunda kokwera 2 peresenti.