Yankho: kukonza sowo yakale ya dzimbiri

Achimwene, mwafunsa ngati sowo ya dzimbiri, yomwe ikukanirira m'thabwa, ingakonzeke. Ingakonzeke, bola dzimbiri lisakhale litadya maenje pamzere wa mano, chifukwa mano otero amathyoka powapinda.

Masulani chogwirira, mugoneke chitsulocho pathabwa losalala. Palani dzimbiri ndi lezala, kenako pakani palafini n'kukwecha ndi sandipepala ya 220, kumalizira ya 400, motsata utali wa sowo. Galayinda ayi ndithu: kutentha kumafewetsa chitsulo.

Ntchito yeniyeni ili pamano. Panani sowo pakati pa matabwa awiri, mano okha atulukire. Yendetsani tupa yafulati pamwamba pake mpaka nsonga iliyonse iwale pang'ono. Apo ndiye kuti alingana. Apindeni mosinthanitsa, lina kumanja lina kumanzere, theka lakumtunda la dzino lokha. Mukapinda pang'ono kwambiri sowo imakanirira, mukapyoza imayenda mokhotakhota.

Nolani ndi tupa ya makona atatu, mukukankhira kutsogolo kokha, kufikira kuwala kuja kutatha. Sowo yong'ambira motsata thabwa, tupa ipingase molunjika. Yodulira mopingasa, tupayo ipendeketseni madigiri 20.

Sowo ikamakokera mbali imodzi podula, dutsitsani mwala wonolera kamodzi m'mbali mwa mano a mbali imeneyo. Pomaliza pakani kandulo pachitsulo cha sowo.