Makina ndi amodzi, koma aloleni awagwire

Achemwali, mwafunsa ngati n'kokwanira kungowaonetsa ophunzira a chaka chachiwiri mmene spectrophotometer, makina oyeza kuchuluka kwa mankhwala m'madzi poona kuwala komwe madziwo amameza, imagwirira ntchito, poti muli nayo imodzi ndipo iwo alipo 60. Ine ndikuti ayi, aigwire ndi manja awo. Agaweni anayianayi, ena azisakaniza mankhwala pamene anzawo ali pa makina.

Koma musayambire pa makinawo, yambirani pa pipette, kachipangizo kotungira madzi pa muyeso weniweni. Makinawa sakana kupereka nambala, ngakhale mutathiramo madzi otsukira mbale. Chaka china gulu lina linandibweretsera mzere wa zotsatira zawo pa galafu wokhotakhota ngati njira ya kudimba, ati makina afa. Nditaunika pawindo cuvette yawo, kabotolo koonekera mkati kothiramo madzi oyezedwa, ndinapeza zidindo za zala mbali yomwe kuwala kumadutsa. Mnyamata amene anaigwira anali atangodya mandasi! Kuyambira tsiku limenelo aliyense amayamba wandionetsa kagwiridwe ka cuvette ndi blank yake, madzi opanda chinthu choyezedwacho amene amaikira makina pa ziro.

Ntchito yoyamba imene ndimaikonda ndi kuyeza ayironi m'madzi a pamjigo. Aliyense abwere ndi kabotolo ka madzi a kumene amakhala, mudzaona mmene amalimbikirira pofuna kudziwa zomwe amamwa. Mankhwala a phenanthroline akakumana ndi ayironi madziwo amafiira ngati lalanje lakupsa, ndipo mumawerenga mutatchera kuwala kwa makina pa 510 nm. Hydroxylamine, mankhwala osandutsa ayironi kukhala wa mtundu wa Fe2+, musaiiwale, chifukwa kufiirako kumabwera ndi Fe2+ yokha. Apange ma standard asanu, madzi okhala ndi ayironi wa muyeso wodziwika kale, mzerewo ajambule okha papepala asanaone wa pa kompyuta. Lamulo la Beer-Lambert, lonena kuti kuwala komezedwa kumakula molingana ndi kuchuluka kwa mankhwala, limakhazikika m'mutu pamenepa, osati pa bolodi. Absorbance, nambala ya kuwala komezedwa, ikapitirira 1 ndimawabweza akachepetse mphamvu ndi madzi, ndipo afotokoze okha chifukwa chake.

Makina muziwayatsiratu mphindi ngati 20 kuti nyali ikhazikike. Magetsi athuwa mukuwadziwa, akathima n'kubweranso ayambirenso pa blank, asapitirize pomwe analekera.

Za HPLC mwatchula zija, makina olekanitsa ndi kuyeza mankhwala osakanikirana, apo pokha ndimaumira mpaka chaka chachinayi, chifukwa column, kapaipi kolekanitsira mankhwalawo, ikatsekeka mudzadikira miyezi kuti ina ifike. Ndimawakopa ndi nkhani ya chuku cha mtedza: mayiko a European Union salola aflatoxin, poizoni wa chukucho yemwe HPLC imayeza, yopitirira mamaikurogalamu 4 pa kilogalamu ya mtedza wodya. Akamva kuchepa kwa nambala imeneyi amasiya kuseweretsa syringe. Ndipo palibe amene amabaya kanthu m'makinamo asanasefe ndi sefa ya 0.45 micron ine ndikuona.