Kwa achemwali a ku Nkhotakota amene akufunsa za ntchito ya kafukufuku wa zaumoyo

Achemwali, mwati ndinu namwino komanso mzamba pa chipatala china chaching'ono kuno ku Nkhotakota, mtima wanu uli pa kafukufuku, koma simukudziwa polowera. Mwafunsanso ngati ntchitoyi imathandizadi odwala kapena ndi yongolemba mapepala owerenga azungu. M'makomenti ndaona ena akuti imeneyo ndi ya madokotala ophunzira kunja, ena akuti kumeneko mukangodya ma alawansi. Ine ndinayamba ngati kiliniko ofesa m'zipatala za m'mbali mwa nyanjamu ndisanalowe kafukufuku, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Ndiyambe ndi loti kodi zimathandiza. Funsani mayi aliyense amene analera ana m'zaka za m'ma 1980 za kolorokwini. Mwana ankamwa, thupi n'kuzizira masiku awiri, sabata yamawa malungo abwereranso, magazi n'kumangotha. Ogwira ntchito ambiri ankati makolo samwetsa bwino mankhwala. Anthu ofufuza sanakhutire ndi yankho limenelo. Anatenga ana omwa mankhwala pamaso pawo, n'kumawayeza magazi tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza kuti tizilombo ta malungo tasiya kumva kolorokwini. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kutenga Fansida ngati mankhwala oyamba a malungo, ndipo Fansida naye atafooka tinapita ku LA mu 2007. Fansida amene inu mumapatsa amayi oyembekezera pa sikelo anachokeranso m'kafukufuku wa ku Mangochi, kumene Dr Jack Wirima ndi anzawo anatsata amayi apakati kumapeto a zaka za m'ma 1980. Dzanja lanu likamapereka mapilitsi atatu aja, likugwira ntchito imene inayamba ndi munthu wina atakhala pansi n'kuwerenga.

Zinanso zili pakhomo pathu pompano. Kupopera mankhwala ophera udzudzu m'nyumba kunayamba kuno ku Nkhotakota mu 2007. Patapita zaka zochepa anthu anayamba kudandaula kuti opopera akusungunula mankhwala ndi madzi ambiri, udzudzu sukufa. Ogwira udzudzu n'kuuyeza anapeza kuti mtundu wa Anopheles funestus, umene uli wambiri kunyanja kuno, wazolowera mankhwala a gulu limene ankagwiritsa ntchito, lomwenso limapakidwa m'masikito. Mankhwala opopera anasinthidwa. Popanda anyamata aja oyenda m'nyumba mbandakucha ndi timachubu toyamwira udzudzu pakhoma, tikanangopitiriza kukalipira opopera.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi kaodzera. Amene tinagwirako ntchito kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota tikudziwa mmene zimakhalira. Munthu walumidwa ndi kashembe kumunda kapena kokatola nkhuni, wabwera ndi mutu ndi kutentha thupi, wapatsidwa LA, wabwerera, wapatsidwanso, achibale ayamba kale kuganiza za kwa sing'anga. Pofika pomuganizira kaodzera, matenda alowa mu ubongo. Kale zikafika apo munthu ankatengedwa madzi a pamsana kenako n'kubayidwa melarsoprol, mankhwala opangidwa ndi poizoni wa arsenic, oyaka mumtsempha, amene paokha ankapha pafupifupi munthu mmodzi mwa 20 alionse olandira. Pa chipatala cha boma cha Rumphi anayesa mapilitsi a fexinidazole mogwirizana ndi bungwe la DNDi, pa odwala osafika n'komwe 50, ndipo kumapeto a 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza pa kaodzera wa mtundu wathuwu. Ndi mapilitsi omwa masiku 10 munthu atadya. Amene ankayang'anira odwalawo usiku, kulemba kutentha kwa thupi ndi kuona ngati asanza, anali anamwino ndi makiliniko ofesa a pa chipatala cha boma monga inu ndi ine.

Tsopano polowera. Ambiri amaganiza kuti khomo ndi digiri. Digiri idzafunika, ndinenapo pansipa, koma chimene chimasiyanitsa munthu wofufuza ndi anzake ndi funso, ndipo funso labwino lili kale m'kaundula amene mumalemba tsiku lililonse. Tsegulani rejista ya sikelo ya amayi. Malamulo amati mayi oyembekezera ayambe kumwa Fansida mimba ikadutsa miyezi itatu, azimwa motalikitsa mwezi, afike kosachepera katatu, ndipo amwere pamaso panu. Ndiye werengani: mwa amayi amene anayamba sikelo chaka chatha, ndi angati anafika katatu? Amene sanafike, anayamba sikelo mimba ili ndi miyezi ingati? Amachokera midzi iti, ya tsidya la mtsinje umene umadzaza dzinja kapena ya pamsewu? Miyezi imene manambala anagwa, mankhwala analipo mu famase? Ndipo musaiwale kuchotsa amayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa Bakitilimu, chifukwa iwo sayenera kulandira Fansida. Mukawasiya m'chiwerengero mudzanamizira chipatala chanu kulephera kumene kulibe.

Kenako tsekani bukulo mukhale pakona n'kungoyang'ana m'mawa umodzi. Pa chipatala china chimene ndinagwirako, rejista inkaonetsa kuti amayi akumwa bwinobwino, chizindikiro chili m'kabokosi kalikonse. Koma m'chipinda cha sikelo munalibe ndowa ya madzi, kapu inali imodzi yothyoka chogwirira, pamzere panali amayi odzaza benchi mpaka pakhonde. Namwino ankakulunga mapilitsi m'kapepala n'kunena kuti mukamwere kunyumba mukadya. Mayi ankamanga pa nsonga ya chitenje. Ena ankamwadi, ena ankaopa chizungulire, ena ankasungira mwana akadzadwala malungo. Yankho la vuto limenelo linali ndowa yokhala ndi mpopi ndi makapu angapo, osati semina ku hotela ya ku Senga Bay. Ukawerenga manambala usanaike ndowa, n'kudzawerenganso patapita miyezi, wachita kafukufuku, ndipo ndi mtundu umene ine ndimaulemekeza koposa.

Wina asakupusitseni kuti zoterezi n'zazing'ono. Umboni wakuti Bakitilimu amachepetsa imfa mwa odwala TB amene ali ndi HIV unalimbikitsidwa ndi ntchito ya ku Thyolo ndi ku Karonga, yochitikira m'zipatala wamba ndi makaundula a TB. Option B+, yoti mayi aliyense oyembekezera wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV kwa moyo wonse, inayambira kuno ku Malawi mu 2011, pamene tinaona kuti kudikira kuyeza CD4 (mlingo wa chitetezo cha m'thupi) m'zipatala za kumudzi kukutayitsa amayi ndi ana. Maiko ena ndi WHO anadzatsatira pambuyo.

Monga mzamba wa kunyanja, muli ndi funso lina limene ambiri sanalikhudze mokwanira: likodzo la amayi. Mtsikana wosamba ndi kuchapa ku Chia kapena wolima mpunga m'madambo a Bua amabwera ndi kuwawa m'chinena, chikazi chachilendo, magazi pogonana. Timamupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, mwamuna wake timamuitana, banja limagwedezeka, pamene vuto ndi mazira a likodzo m'njira ya chiberekero. Praziquantel, mankhwala a likodzo, timagawa m'masukulu, nanga mayi wa zaka 30 amene sukulu anasiya kalekale amamupeza ndani? Amene amaona khomo la chiberekero poyeza khansa ndinu, osati pulofesa wa ku Blantyre.

Za chilolezo musazitenge mopepuka. Kuwerenga rejista pofuna kukonza ntchito pa chipatala chanu, mutauza in-charge ndi a ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndi nkhani ina. Koma mukafuna kufunsa anthu mafunso, kutenga magazi kapena kusindikiza zotsatira, pulotoko yanu, ndondomeko yolembedwa ya kafukufukuyo, iyenera kudutsa ku komiti ya kafukufuku ya pa boma, kenako ku NHSRC, komiti yovomereza kafukufuku ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena ku komiti yotereyi ya ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu. Zimatenga nthawi ndipo adzakubwezerani ndi mafunso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maina a odwala asatuluke m'chipatala, ndipo chonde musajambule tsamba la rejista n'kutumizira mnzanu pa WhatsApp.

Kumudzi nako chilolezo sichithera pa chidindo cha chala. Tonse tikukumbukira za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, mmene anthu anaphedwera chifukwa cha mphekesera. Ukabwera ndi galimoto yoyera ndi kabokosi kozizira n'kumatenga magazi a ana usanakhale pansi ndi agulupu, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ndi alangizi a zaumoyo, ukuika moyo wa anzako pachiswe. Fotokozani magazi ndi ochuluka bwanji, muwaonetse kabotolo kake, akupita kuti, atsala aonongedwa bwanji. Mayi akati ndikafunse kaye bambo kunyumba, musamukakamize, ndipo adziwe kuti akakana adzathandizidwabe ngati wina aliyense. Ndipo mukamaliza mubwerere mukawauze zimene mwapeza. Apa ndi pamene ofufuza ambiri timachimwira anthu, ndipo ndikamva mfumu ikunena kuti inu mumangobwera kudzatifunsa mafunso basi, sindiitsutsa.

Za sukulu ndi ntchito ndidutsa mwachangu. Anamwino ambiri amalowa ngati research nurse m'mapulojekiti a mabungwe a kafukufuku monga MLW ndi Johns Hopkins ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe, MEIRU ku Chilumba ndi Lilongwe, kapena Malaria Alert Centre. Satifiketi ya GCP, ya malamulo ochitira kafukufuku pa anthu moyenera, imapezeka pa intaneti mwaulere, ipezeni musanalembe kalata yofunsira ntchito. Phunzirani Excel mpaka muzolowere, kenako mapulogalamu osanthulira manambala monga Stata kapena R, komanso kusonkhanitsa deta pa foni ndi ODK kapena KoboToolbox. Ngati muli m'boma, funsani za maphunziro a FETP, ophunzitsa kulondola miliri, a ku PHIM, nthambi ya Unduna wa Zaumoyo. Amene anadutsamo anathandiza kwambiri pa kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo kunyanja kuno sanatisiye. Mukakhala ndi digiri yoyamba, masitazi a Public Health kapena Epidemiology alipo ku KUHeS, simukufunika kukwera ndege. Chingerezi cholemba chimafunika, ndipo chimabwera ndi kuwerenga: Malawi Medical Journal ndi yaulere pa intaneti, muziwerenga pepala limodzi pa sabata, muzidzifunsa kuti anthuwa anawerenga ndani, anasiya ndani, ndipo anayerekeza ndi chiyani.

Kwa achimwene aja amene anati ndi zodya ma alawansi: malipiro a pulojekiti nthawi zambiri amaposa a boma, zimenezo n'zoona. Koma ndi kontirakiti. Ithe thandizo la kunja, monga tinaonera kumayambiriro a 2025 pamene dziko la America linaimitsa thandizo lake, anthu amabwerera kunyumba ndi makalata m'manja. Ndiye achemwali, musathamangire kusiya ntchito ya boma. Funsani kaye za tchuthi cha maphunziro, kapena gwirani nawo kafukufuku muli pa malo anu omwewo. Chachiwiri, n'zotheka kukhala zaka zambiri mukudzaza mafomu a anthu ena osaphunzira kufunsa funso lanu. Mukalowa pulojekiti, funsani poyera kuyambira pachiyambi ngati mudzaloledwe kuona deta yosonkhanitsidwayo, kukhala nawo posanthula, ndi kulembedwa dzina ngati mwagwira ntchito yoyenera. Ena adzakuonani ngati wamwano. Mtsogoleri wabwino adzakondwera, ndipo ameneyo ndiye womumamatira.

Chinthu china chimene sanandiuze pamene ndinkalowa n'chakuti umboni suyenda wokha. Mutha kupeza zoona zenizeni, pepala n'kutuluka, pa chipatala osasintha kanthu, chifukwa mankhwala kulibe, kapena woyang'anira wasamutsidwa, kapena anzanu akuona ngati mukuwaneneza. N'chifukwa chake zotsatira zanu muziyamba kuzionetsa pa msonkhano wa m'mawa wa pa chipatala chanu, ndi manambala a pamalo pomwepo, mosaloza munthu chala, kenako ku msonkhano wounika ntchito wa pa boma. Anzanu akamva kuti funsolo ndi lawonso, ndowa ija amaigula okha. Ndipo manambala akatsutsa zimene inu munkakhulupirira, muwalembe mmene alili. Ndaonapo anthu akusintha funso pambuyo poona yankho kuti lipoti likome, ndipo zoterozo zimadzapweteka wodwala amene simudzamuona n'komwe.

Ndiye mwezi uno chitani izi. Sankhani funso limodzi lokha, mulilembe m'chiganizo chimodzi chonena anthu ake, malo ake ndi nthawi yake. Kambiranani ndi in-charge wanu, mukaonanenso ndi amene amayang'anira HMIS (manambala a zaumoyo) ku boma kuti akuonetseni zimene chipatala chanu chinatumiza mu DHIS2, kaundula wa pa kompyuta wa manambalawo, muyerekeze ndi zimene zili m'rejista. Kusiyana kumene mungapeze pamenepo kungakhale kale nkhani yoyamba. Mukalemba tsamba limodzi, nditumizireni ku inbox popanda dzina la wodwala aliyense, ndidzaliwerenga. Ngati m'gulu muno muli alangizi a zaumoyo kapena a mu labu a ku Salima ndi Nkhotakota amene ali ndi maganizo omwewa, lembani pansipa tione ngati tingapange kagulu kowerengera limodzi Loweruka.